Payipi ya pulasitiki ikayamba kudontha pa injini: mmene mwini galimoto angaisinthire yekha

Kuyambira mwezi wa Seputembala mpaka mvula yoyamba itagwa, magalimoto a m'maboma a Angónia ndi Tsangano amanyamuka m'bandakucha atasenza mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi za m'madimba kupita kumisika ya mumzinda wa Tete. Kuchokera ku Ulongué kukafika ku Tete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 230. Galimoto imadzera msewu wa N304 mpaka pa Mussacama, n'kulowa mu N7, kenako n'kutsetsereka kudutsa ku Moatize mpaka m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Pobwerera imakwera zitunda zomwezo itadzaza feteleza, simenti, mchere ndi nsomba zouma za chicoa.

Pa ulendo wotere, kapayipi kamodzi ka madzi a mu injini kakang'aluka, zonse zimaima pamenepo. Tomato amayamba kuphikika padzuwa, alimi amene anasonkherana ndalama za hayala amataya msika wa tsikulo, ndipo woyendetsa akakakamira kuti afike, injini yonse imatha kupsa. Payipi yokhayo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kukonza injini yopsa, ndipo pa magalimoto ambiri mwini wake angathe kuisintha yekha pakhomo, m'mawa umodzi, ndi zida wamba. Pamafunika zinthu zitatu: kusintha payipi yonse m'malo moimata, kugwira ntchito injini itazizira, ndi kuchotsa mpweya wonse m'njira ya madzi galimoto isanalowenso mumsewu.

Mmene madzi amaziziritsira injini

Injini ikamalira, mafuta amayaka mkati mwake ndipo zitsulo zimatentha kwambiri. Pofuna kuti zisapse, madzi amazungulira m'tinjira ta mkati mwa injini mokankhidwa ndi pampu. Akatenga kutenthako amatuluka pa payipi ya pamwamba kupita ku rediyeta, kumene mphepo ya mumsewu ndi ya fani imawaziziritsa, kenako amabwerera mu injini pa payipi ya pansi. Mapayipi ena aang'ono amapititsa madzi otentha ku hita ya mkati mwa galimoto, ija imathandiza m'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julayi ku Tsangano. Panjira ya madziwa pali kachitseko kotchedwa temositati, kamene pa injini zambiri za ku Japan kamayamba kutseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82.

Njira yonseyi ndi yotsekeka, ndipo chivindikiro cha rediyeta chimasunga mphamvu ya mpweya mkatimo. Pamwamba pa chivindikirocho pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Mphamvu imeneyi ndi imene imachedwetsa madzi kuwira. Mumphika wosavindikira, madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma kumtunda ngati ku Ulongué amawira msanga, pa madigiri pafupifupi 96. Mkati mwa injini yotsekeka bwino, madzi omwewo amatha kufika madigiri pafupifupi 120 asanawire.

Apa ndiye pali kuopsa kwa kabowo kakang'ono. Payipi ikang'aluka, galimoto imataya madzi, komanso imataya mphamvu ya mpweya ija. Madzi otsalawo amayamba kuwira msanga, makamaka pokwera chitunda ndi katundu, nthunzi n'kukankhira madzi ena panja. Kudontha kumene pakhomo kumaoneka ngati madontho awiri kapena atatu, pa chitunda kumasanduka kasupe.

Chifukwa chake pulasitiki amang'aluka

Pa magalimoto akale, njira ya madzi inali ya chitsulo ndi labala basi. Magalimoto ambiri a masiku ano, kuphatikizapo ogwiritsidwa kale ntchito amene amachokera ku Japan, ali ndi zigawo zingapo za pulasitiki wakuda wolimba: khosi lothirirapo madzi, timphanda tolumikiza mapayipi atatu, timilomo ta mapayipi a hita, nyumba ya temositati, ngakhalenso mutu wa rediyeta. Pulasitiki ameneyu amasakaniza ndi ulusi wa galasi kuti apirire moto, ndipo akakhala watsopano ndi wolimbadi.

Zaka zikamapita, kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumamuumitsa. Mtundu wake umasintha kuchoka pa wakuda kupita ku wofiirira, ndipo munthu akakanda ndi chikhadabo pakamwa pa payipi, pamanyenyeka ngati bisiketi. Misewu ya mabampu ya kumidzi imagwedeza injini, mapayipi n'kumakokana, ndipo mng'alu umayambira pamsoko pamene zigawo ziwiri za pulasitiki zinalumikizidwa kufakitale, kapena pakhosi pamene pamangidwa labala. Injini imene inawirapo kale imafulumizitsa zonsezi. Madzi a pachitsime opanda mankhwala nawonso amasiya dzimbiri ndi laimu, zimene zimadya mphete za labala zotsekera polumikizira.

Kupeza pamene pakudontha

Zizindikiro zoyamba n'zosavuta kuziona kwa munthu amene amatsegula boneti m'mawa uliwonse. Madzi a m'kathanki ka pambali amatsika masiku angapo alionse. Pansi pa galimoto pamaoneka madontho obiriwira, ofiira kapena apinki. Injini ikatentha pamamveka fungo lotsekemera. Polumikizira mapayipi pamamera zoyera kapena zapinki zouma ngati mchere. Muvi wa kutentha umakwera pa chitunda n'kutsika potsetsereka, ndipo nthawi zina hita imasiya kutulutsa mphepo yotentha chifukwa madzi achepa.

Madzi amatsata zitsulo asanagwe pansi, choncho pamene pagwa dontho sipakhala pamene pali bowo. Mwini galimoto apukute injini yozizira ndi kansanza, adzaze madzi, ayale katoni youma pansi, ndiyeno alize injini mpaka itenthe, akuyang'ana ndi tochi kuyambira pamwamba. Malo okwera kwambiri amene anyowa ndi amene pali vuto. Pochita zimenezi manja, malaya ndi nsanza zikhale kutali ndi fani ndi malamba a injini.

Ndi bwinonso kutsimikiza kuti vuto ndi payipidi. Madzi oyera opanda fungo odontha chakumbuyo kwa injini munthu atayatsa choziziritsa mkati mwa galimoto, amenewo si vuto. Madzi otuluka kumbuyo kwa gudumu la pampu amasonyeza kuti pampu yatha. Ngati pali utsi woyera wochuluka wosaleka kumbuyo, thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwina gasiketi ya mutu wa injini yapsa, imene amakaniko a ku Tete amaitchula kuti junta da cabeça. Vuto limenelo kusintha payipi sikungalithetse, ndipo galimotoyo ndi ya kwa makaniko.

Kumata sikukhalitsa

Eni magalimoto ambiri akaona mng'alu amathamangira guluu, phala lomatira la mitundu iwiri, waya wotentha kapena legeni. Zimenezi zimatha kugwira galimoto ili chiimire, koma sizipirira mumsewu. Pulasitiki wa mtundu umenewu sagwirana bwino ndi guluu, amafutukuka akatentha n'kubwerera akazizira, ndipo mkati muli madzi otentha amene akukankha mosalekeza. Chinanso, pulasitiki akang'aluka pamalo amodzi ndiye kuti wauma paliponse. Munthu akamata apa, mawa pang'aluka pena.

Palinso chizolowezi chothira dzira laliwisi, ufa, fodya wopera kapena sopo mu rediyeta kuti bowo litsekeke. Zinthu zimenezi sizisankha potseka. Zimakatseka timachubu topyapyala ta mu rediyeta ndi ta mu hita, galimoto n'kuyamba kutentha kuposa kale, ndipo mwini wake amadzagula rediyeta pamwamba pa payipi ija.

Kugula payipi yoyenera

Magalimoto awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi injini zosiyana, choncho kungotchula kuti Hilux, Hiace, Probox kapena Canter sikukwanira. Wopita kukagula atenge nambala ya chasisi, imene ili mu livrete ya galimoto, ndi nambala ya mtundu wa injini, imene imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pansi pa boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Ajambulenso payipiyo ndi foni mbali zonse. Ngati galimoto ingathe kuima tsiku limodzi kapena awiri, njira yabwino koposa ndi kuchotsa payipi yakaleyo n'kupita nayo kusitolo kuti akaiyerekeze ndi yatsopano: kutalika, kupindika, kukula kwa pakamwa, ndi malo a mabawuti.

Alimi a m'malire amagula mbali zonse ziwiri, choncho ndi bwino kudziwa mayina onse. M'masitolo a ku Tete, Moatize ndi Ulongué, payipi ya labala ndi mangueira, ya pulasitiki wolimba ndi tubo, chomangira ndi braçadeira, ndipo chivindikiro ndi tampa do radiador. Kutsidya, ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza, amati payipi, kilampu ndi rediyeta kapu.

Pamodzi ndi payipi, munthu agule mphete ya labala kapena gasiketi yatsopano, chifukwa yakale imakhala itaphwatalala ndipo siitsekanso. Ngati labala wolumikizidwa ku pulasitikiyo watupa, wafewa ngati siponji kapena wauma gwa, nayenso asinthidwe tsiku lomwelo. Payipi ya pulasitiki yochotsedwa pa galimoto ina yakale imaoneka yotchipa, koma yakhala ikutentha zaka zofanana ndi imene yang'alukayo, ndipo chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pa magalimoto ena pamapezeka chigawo chomwecho chopangidwa ndi aluminiyamu, ndipo chikakhala chofanana ndendende ndi chakale, chimakhalitsa.

Zida zofunika ndi pulayala, sikuludiraiva, masipanala a 8, 10 ndi 12, beseni lalikulu limene siligwiritsidwa ntchito kukhitchini, fanulo, tochi, nsanza zoyera, ndi kulanti wokwanira. Galimoto yaing'ono imalowa malita a pakati pa 4 ndi 7, pamene mapikapu a dizilo ndi malole amalowa ochulukirapo.

Kuchotsa payipi yakale

Ntchito imeneyi ndi ya m'mawa, galimoto itagona usiku wonse. Chivindikiro cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa mphamvu ya mpweya ikangotuluka, madzi amawira nthawi yomweyo n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Payipi ya pamwamba ikakhala yotentha kapena yolimba poifinya, munthu adikire.

Galimoto iime pamalo osatsetsereka, handibuleki itakokedwa, miyala itaikidwa kumatayala. Ngati pafunika kulowa pansi, jeke yokha si yodalirika. Pakhale zochirikizira zolimba. Kiyi achotsedwe, ndipo waya wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera amasulidwe, chifukwa fani ya magetsi ya magalimoto ena imatha kudzuka yokha. Asanagwire china chilichonse, mwini galimoto ajambule malowo ndi foni, kuti pobwezeretsa asasokoneze payipi iliyonse, waya aliyense ndi mbali imene kilampu inaloza.

Akatero atsegule chivindikiro pang'onopang'ono atachiphimba ndi nsanza, aike beseni pansi, ndi kumasula kampopi kamene kali pansi pa rediyeta. Kampopi kameneka nakonso n'kapulasitiki, kamamasulidwa ndi zala osati pulayala. Ngati kakukana, njira ina ndi kuvula payipi ya pansi ya rediyeta. Payipi yodonthayo ikakhala pamwamba pa injini, sipafunika kukhetsa madzi onse, bola atsike kupitirira pamene pali payipiyo.

Makilampu alipo a mitundu iwiri. A sipuling'i amafinyidwa makutu ndi pulayala n'kukankhidwira m'mbuyo pa labala. A sikuluwu amamasulidwa ndi sikuludiraiva kapena sipanala yaing'ono. Timilomo tina ta pulasitiki tili ndi kawaya kokhoma kamene kamayamba kakwezedwa, kenako payipi n'kukokedwa molunjika. Labala wokhalitsa amamatirira, ndipo apa ndi pamene ambiri amawonongera zinthu zina. Labalayo ayambe wapotokoledwa uku ndi uku mpaka amasuke, kenako akokedwe. Kutokosa ndi sikuludiraiva kapena kukoka mwamphamvu kumathyola khosi la rediyeta kapena timachubu ta hita, zimene kukonza kwake n'kodula kuposa payipi ija. Ngati labalayo akusinthidwa ndithu, ndi bwino kumucheka m'litali ndi mpeni mosamala n'kumusenda ngati nthochi.

Payipi ya pulasitiki imene yamangidwa ndi mabawuti pa injini imachoka mabawutiwo akamasulidwa, poigwedeza pang'ono n'kuikoka molunjika. Kawirikawiri pulasitiki wouma amaduka, mlomo wake n'kutsalira m'bowo pamodzi ndi mphete yakale. Zidutswa zonse zichotsedwe ndi kawaya kopinda, ndipo munthu aziyale pa nsanza n'kuziyerekeza ndi payipi yatsopano kuti atsimikize kuti palibe chotsalira mkati. Kachidutswa kamodzi kangathe kukakamira pa temositati kapena kutseka machubu a rediyeta.

Kuika yatsopano

Pamalo pamene payipi ikhale payeretsedwe mpaka chala chizidutsa osamva zokhakhala. Dzimbiri ndi laimu zichotsedwe ndi nsanza kapena sandipepa wosalala kwambiri, mopanda kukanda aluminiyamu, bowo litatsekedwa ndi kansanza kuti zinyalala zisalowe. Kansanzako kasaiwalike mkatimo.

Mphete yatsopano inyowetsedwe ndi kulanti kapena madzi a sopo pang'ono kuti iterere polowa. Oyilo wa injini, girisi ndi dizilo siziyenera kukhudza labala wa njira ya madzi, chifukwa zimamutupitsa ndi kumufewetsa. Payipi ilowe molunjika mpaka ikhale pansi yokha. Ngati yatsala pang'ono kuti ikhale, mabawuti asagwiritsidwe ntchito kuikoka, chifukwa mphete imapindika kapena kudukira mkati. Ichotsedwe, ionedwe, ilowetsedwenso.

Mabawuti ayambe alowetsedwa ndi zala, onse, kenako amangidwe mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndi sipanala yaifupi yogwiridwa ndi dzanja limodzi. Mabawuti aang'ono a mutu wa 10 safuna mphamvu ya tayala. Chimene chimatseka madzi ndi mphete ya labala, ndipo kumanga mopitirira kumang'alula khutu la pulasitiki watsopanoyo kapena kudya mazinga a mu aluminiyamu. Silikoni wopakidwa mochuluka nayenso amafinyikira mkati n'kukatseka njira za madzi, choncho pamene pali mphete kapena gasiketi yake sipafunika kupaka kanthu.

Labala alowe mpaka kumapeto kwa khosi, ndipo kilampu ikhale kuseri kwa kamzere kotukuka kamene kali pakamwa pa payipi, osati pamwamba pake. Pa khosi la pulasitiki, kilampu ya sipuling'i ndi yabwino chifukwa imatsatira kufutukuka ndi kubwerera kwa payipi. Ya sikuluwu imangidwe mpaka labala ayambe kutukuka pang'ono m'mbali mwake, n'kulekera pomwepo. Waya womangira mpanda amadula labala ndipo si kilampu. Pomaliza munthu ayerekeze ndi chithunzi chija, aone kuti palibe payipi imene ikukhudza lamba, fani kapena chitsulo cha utsi, atseke kampopi ka pansi, ndi kubwezeretsa waya wa batire.

Madzi oyenera kuthira

Ambiri amaganiza kuti kulanti ndi wa kumayiko a chisanu okha. Kuno ntchito yake yaikulu ndi kuteteza zitsulo ku dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Pa chigubu pamalembedwa ngati ndi wosungunula kale kapena wofunika kusakaniza. Wofunika kusakaniza amathiridwa theka kulanti, theka madzi. Madzi ake akhale a m'botolo othira mu batire, amene m'masitolo amalembedwa kuti água destilada, osati asidi wa batire. Akasowa, madzi a mvula oyera osefedwa ndi abwino kuposa a pamjigo kapena a mumtsinje. Mitundu yosiyana ya kulanti isasakanizidwe mwachisawawa, chifukwa ina ikakumana imapanga zamatope. Ngati mwini galimoto sakudziwa umene unalimo, kapena madzi otulukawo ndi adzimbiri, akhetse onse, atsukuluze ndi madzi oyera, ndiyeno athire mtundu umodzi.

Kuchotsa mpweya

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limapsetsa injini payipi yatsopano ili pomwepo. Madzi akakhetsedwa, m'tinjira ta mu injini mumalowa mpweya. Pothira madzi atsopano, mpweya wina umatsekeredwa m'mutu wa injini, kuseri kwa temositati kapena mu hita. Rediyeta imaoneka yodzaza pamene mkatimo muli malo ouma, ndipo chitsulo cha pamalo amenewo chimatentha mopitirira. Nthawi zina ngakhale muvi wa kutentha umanama, chifukwa kachida koyeza kutentha kamakhala kali mumpweya m'malo mokhala m'madzi.

Galimoto iimikidwe mphuno itakwera pang'ono, ngati pa kachulu, kuti pakamwa pothirira pakhale pamwamba pa zonse. Hita itembenuzidwire kotentha kwambiri. Madzi athiridwe pang'onopang'ono ndi fanulo, munthu akufinya payipi ya pamwamba ndi ya pansi kuti thovu lituluke. Injini zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba. Kamasulidwe mpaka madzi atuluke opanda thovu, n'kumangidwanso mosapitirira. Kathanki ka pambali kadzazidwe mpaka pa mzere wa pamwamba.

Kenako injini ilizidwe chivindikiro chili chotsegula, izingolira yokha osaponda mafuta kwambiri. Madzi akatsika awonjezeredwe. Pakapita mphindi 10 mpaka 20, temositati imatseguka: payipi ya pamwamba imatentha, madzi amatsika mwadzidzidzi, thovu n'kutuluka. Munthu apitirize kuwonjezera mpaka thovu litatha. Zizindikiro zoti ntchito yatheka ndi izi: hita ikutulutsa mphepo yotentha, muvi waima pamalo ake a masiku onse, ndipo pa galimoto ya fani ya magetsi, faniyo yadzuka n'kuzima. Madzi akayamba kusefukira pakamwa, injini izimitsidwe, chivindikiro chitsekedwe. Ngati muvi ukukwera pamene hita ikutulutsa mphepo yozizira, mpweya udakalimo. Injini izimitsidwe, izizire, ntchito ibwerezedwe.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wopanda katundu, pafupi ndi kunyumba. Pobwera munthu ayang'ane polumikizira ponse ndi tochi. M'mawa mwake, injini itazizira, atsegule chivindikiro n'kuwonjezera, chifukwa madzi amatsika pang'ono mpweya wotsala ukatuluka. Achite chimodzimodzi masiku atatu otsatizana. Madzi akasiya kutsika, galimoto yakonzeka kupita ku Tete. Kuthamanga sikufika: galimoto imene yakonzedwa madzulo isasenze mbatatesi usiku womwewo.

Chivindikiro ndi temositati

Poti boneti ndi yotsegula kale, ndi bwino kuonanso chivindikiro cha rediyeta. Labala wake akang'ambika, sichisunganso mphamvu ya mpweya ndipo madzi amawira msanga. Chatsopano chikhale cha nambala yofanana ndi chakale, chifukwa cha nambala yokwera chimapanikiza mapulasitiki ena okalamba amene atsala pa injini. Chizolowezi chochotseratu temositati poganiza kuti injini izizizira bwino nachonso n'cholakwika. Injini yopanda temositati imachedwa kutentha m'mawa, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, komanso pa injini zina madzi amayamba kuzungulira mkati osadutsa mokwanira mu rediyeta. Temositati yowonongeka imasinthidwa ndi ina.

Madzi akale ndi poizoni

Kulanti ali ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol, amene amakoma ngati shuga koma amawononga impso. Pang'ono pokha pangathe kupha galu, mphaka kapena nkhuku, ndipo kwa mwana n'zoopsa kwambiri. Beseni lisasiyidwe poyera pabwalo ngakhale kwa kanthawi. Madziwo athiridwe m'chigubu chotsekeka cholembedwa, osati m'botolo la zakumwa, ndipo asatayidwe pafupi ndi chitsime, m'dimba, m'khola kapena mumtsinje. Otayikira pansi akwiriridwe ndi dothi n'kuwoleredwa. Mwana kapena wamkulu akamwa, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi chigubucho, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa kuwonongeka kwa impso kumaonekera mochedwa.

Payipi ikaphulika panjira

Muvi ukafika pofiira kapena nthunzi ikatuluka pa boneti, woyendetsa apatuke pamalo otetezeka n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Mitu ya injini zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo mphindi zochepa zoyenda popanda madzi n'zokwanira kuipinda. Aike zizindikiro za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, adikire injini izizire, ndipo asathire madzi ozizira mu injini yotentha chifukwa chitsulo chimatha kung'aluka.

Ngati bowo lili pa labala pafupi ndi mapeto, mbali yowonongekayo ingathe kudulidwa, payipi n'kulowetsedwanso. Ngati chathyoka ndi kamlomo ka ku hita, mapayipi awiri a hita angathe kulumikizidwa pamodzi ndi kachubu kachitsulo, galimoto n'kuyenda yopanda hita. Legeni womangidwa mwamphamvu pa mng'alu angafikitse galimoto pa sitolo yapafupi, woyendetsa akupita pang'onopang'ono, maso ali pa muvi, akuima kawirikawiri kuti injini izizire awonjezere madzi. Zonsezi n'zongofikitsa munthu pothandizidwa, ndipo payipi isinthidwe galimoto isanasenzenso katundu. N'chifukwa chake galimoto ya maulendo aatali siyenera kusowa chigubu cha malita 5 a madzi, makilampu awiri, pulayala ndi sikuludiraiva.

Pamene pakufunika makaniko

Si payipi iliyonse imene munthu angaifikire pakhomo. Zina zimadutsa pansi pa zitsulo zolowetsa mpweya mu injini, kuseri kwa lamba wa taimingi, kapena pakati pa mapayipi a dizilo, ndipo kuti zifikiridwe pamafunika kumasula zinthu zambiri. Magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi ali ndi njira ina ya madzi komanso mawaya a mtundu wa lalanje a magetsi amphamvu, amene sayenera kugwiridwa ndi munthu wosaphunzira. Bawuti ikadukira mu injini, kapena galimoto ikapitiriza kutentha mpweya utachotsedwa kawiri, nthawi yoitana makaniko yakwana. Safunsa anadya phula.

Kwa alimi ndi eni magalimoto a ku Dómuè, Calómuè, Biri-Biri, Furancungo, Zóbuè ndi Cassacatiza, kumene sitolo ya zipangizo imatha kukhala ulendo wa tsiku lathunthu, nthawi yabwino yoyendera mapayipi ndi mlungu umodzi zokolola zisanakwere galimoto. M'mawa injini isanalire, mwini wake atsegule boneti, aone mzere wa madzi m'kathanki, afinye mapayipi a labala, ayang'ane mtundu wa mapulasitiki, ndi kusuzumira pansi. Akapeza zoyera zouma polumikizira kapena dontho pa dothi, aitanitse payipiyo tsiku lomwelo, galimoto idakali pakhomo.